Kuchokera ku Betelehemu Mpaka ku Yerusalemu, Chikondwerero Chitatha

Loweruka, Betelehemu

Tafika ku Betelehemu alendo ambiri atabwerera kale kwawo. Mzindawu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kummwera kwa Yerusalemu, ndipo wochokera kumeneko amayamba wadutsa pachipata cha asilikali ndi pakhoma lalitali la konkire asanalowemo. Kuno Khirisimasi imachitika katatu, pakuti Akatolika ndi Apulotesitanti amaichita pa 25 Disembala, a Orthodox pa 7 Januwale, ndipo mpingo wa ku Armenia umaichita pa 19 Januwale. Ife tafika yachiwiri itadutsa, yachitatu isanakwane, moti mtengo wa Khirisimasi ukadali chilili pabwalo la Manger Square koma palibenso amene akuucheukira.

Tchalitchi chimene chili pamalo amene amati Yesu anabadwira chinamangidwa koyamba m'nthawi ya Constantine, mfumu ya Aroma, ndipo chinapatulidwa mu 339. Chimene tikuchiona lero ndi chimene mfumu Justinian anamanganso m'zaka za m'ma 500. Khomo lake ndi lalifupi, losafika mita imodzi ndi theka, kotero kuti aliyense amalowa chowerama. Pansi pa guwa pali phanga, ndipo m'phangamo muli nyenyezi yasiliva ya nsonga 14 imene anthu amaigwadira ndi kuipsompsona. Koma chimene chandigwira maso ndi mmonke wina wachikulire amene anali kuthira mafuta m'nyale zolendewera, imodzi ndi imodzi, osalabadira kuti pali alendo. Wotitsogolera, amene ndi Mkhristu wa kuno komweko, anati ntchito ya nyale, kusesa ndi mapemphero a m'mawa zimachitika tsiku lililonse la chaka, kaya kwabwera alendo zikwizikwi kaya sikunabwere ndi mmodzi yemwe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ife tonse amene tinadzaza phangalo kwa kanthawi ndife mamewo. Amene asunga malowa kwa zaka zoposa 1,600 ndi anthu onga mmonkeyu.

Pafupi ndi phanga lomwelo pali mapanga ena ang'onoang'ono, ndipo limodzi limatchulidwa dzina la Jerome, wansembe wophunzira amene anakhala ku Betelehemu kuyambira mu 386 kufikira imfa yake mu 420, akumasulira Baibulo m'Chilatini. Munthu ameneyu, amene ankadzuka m'mawa uliwonse pafupi ndi pamene panali modyera ng'ombe, ndiye analembera Mkhristu mnzake, Paulinus wa ku Nola, kuti chotamandika si kufika ku Yerusalemu ayi, koma kukhala moyo wabwino uli ku Yerusalemuko. Abusa athu atatiuza zimenezi anthu ena m'gulu lathu anaseka mwamanyazi, poganizira ndalama zimene anasonkhanitsa kuti afike kuno.

Lamulungu, Beit Sahour

Tapemphera m'kachisi wamng'ono womangidwa ngati hema ku Munda wa Abusa, kum'mawa kwa Betelehemu. Pamalopo pali mapanga amene madenga ake anada ndi mwaye. Abusa athu anawerenga Luka 2, ndipo sanaimire pa nyimbo ya angelo monga timachitira nthawi zonse, koma anapitirira mpaka ndime 20, pamene pamati abusa a nkhosa aja anabwerera akulemekeza ndi kutamanda Mulungu. Kumene anabwererako kunali ku nkhosa zomwe zija, ku tulo ta pabwalo ndi ku malipiro ochepa omwe aja, ndipo Malembo satchulanso za iwo. Zimene anaona usiku umodzi anayenera kuzisenza kwa zaka zonse zotsala za moyo wawo popanda mngelo wina wodzawakumbutsa.

Madzulo tinadutsa pa chipatala cha Holy Family, chimene chimayendetsedwa ndi bungwe la Order of Malta ndipo ntchito yake yaikulu ndi kubereketsa amayi ndi kusamalira makanda obadwa masiku asanakwane, osafunsa chipembedzo cha mayi. Ndikuganiza kuti ngati pali malo mu mzindawu amene nkhani ya kubadwa kwa Yesu imalalikidwa mu Malichi ndi mu Ogasiti momwe, ndi pamenepa.

Lolemba, Nazarete

Tayenda ulendo wautali kulowera kumpoto. Nazarete wa lero ndi mzinda waphokoso wa Aluya, ena Asilamu ena Akhristu, wa misewu yopanikizana ndi magalimoto osaleza mtima, ndipo pakati pake pali tchalitchi chachikulu chokumbukira uthenga wa mngelo kwa Mariya, chimene chinapatulidwa mu 1969. M'nthawi ya Yesu kunali kamudzi ka anthu mazana owerengeka, konyozeka kotero kuti Natanayeli anafunsa ngati ku Nazarete kungachokere kanthu kabwino.

Pano ndi pamene mtima wanga wakhazikika kwambiri pa ulendo wonsewu. Luka akuti Yesu anayamba ntchito yake yolalikira ali ndi zaka ngati 30, ndipo kulalikirako kunatenga zaka pafupifupi zitatu zokha. Ndiye kuti gawo lalikulu kopambana la moyo wa Mwana wa Mulungu padziko lapansi linathera m'kamudzi aka, ndipo za zaka zonsezo Mauthenga Abwino atiuza zochepa kwambiri: ulendo umodzi wa ku Yerusalemu ali ndi zaka 12, kenako mawu akuti anatsikira ku Nazarete ndi makolo ake, nawamvera, nakula mu nzeru, mu msinkhu ndi m'chisomo pamaso pa Mulungu ndi anthu. Atabwerera kudzaphunzitsa m'sunagoge wa kwawo, anansi ake anadabwa nafunsa ngati uyu si mmisiri wa matabwa uja, mwana wa Mariya. Funso limeneli likuonetsa kuti kwa zaka zonsezo sanaone mwa iye chachilendo chilichonse chimene chikanawachititsa kuyembekezera zimene anamva tsikulo. Anamudziwa ngati munthu amene amalandira ntchito, kuigwira ndi kuipereka. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6 kuchokera pano pali mabwinja a Sepphoris, mzinda umene Herode Antipa ankaumanganso m'zaka zomwezo, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti amisiri a ku Nazarete ankapita kukagwira ganyu kumeneko.

Timaphunzitsidwa kuti Yesu anali wopanda tchimo, ndipo kawirikawiri tikamva zimenezi timaganiza za mayesero a m'chipululu kapena za usiku wa ku Getsemane. Koma kupanda tchimoko kunali kwa tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu: pokambirana mtengo wa ntchito ndi munthu wofuna kutsitsa, pomaliza mbali ya chitseko imene mwini wake sadzaiona, poyankha mnansi wovuta, posamalira mayi wake. Chilungamo cha mtundu umenewu chilibe nyimbo yake m'mabuku athu a nyimbo, ndipo palibe tsiku pa kalendala limene tinalipatula kuti tizichikumbukira, komabe n'chimene Mkhristu aliyense angathe kutsanzira. Palibe wa ife amene adzabadwire m'khola angelo akuimba kapena kudyetsa anthu 5,000, koma tonsefe tili ndi ntchito, achibale ndi anansi. Paulo anauza Akolose kuti chilichonse chimene achita achichite ndi mtima wonse monga kwa Ambuye, osati kwa anthu, ndipo mawuwo anawalunjikitsa kwa akapolo, anthu amene ntchito yawo panalibe woiyamikira.

Tinachezeranso malo amene Charles de Foucauld anakhalako. Iyeyu anali Mfalansa wa m'banja lolemera, amene anakhalapo msilikali, ndipo kuyambira mu 1897 mpaka mu 1900 anakhala m'kanyumba ka m'munda wa asisitere a Poor Clares kuno ku Nazarete, akugwira ntchito zotumidwa, chifukwa anafuna kutsanzira zaka zobisika za Yesu. Anaphedwa ku Tamanrasset m'chipululu cha Sahara mu 1916, ndipo Mpingo wa Katolika unamulengeza kukhala woyera mu 2022. Ndimamulemekeza, ngakhale kuti m'maganizo mwanga mayi amene amadzuka mbandakucha kukonzekeretsa ana ndi kukagwira ntchito mokhulupirika ali pafupi kwambiri ndi Nazarete kuposa munthu amene anachita kusiya chuma kuti akaupeze umphawi. Mayiyo sanausankhe, ndipo alibe khomo lotulukira akatopa.

Lachiwiri, Kafr Kanna

Taima pang'ono chabe pa mudzi umene mwambo umati ndi Kana wa ku Galileya. Maanja awiri a m'gulu lathu anabwereza malumbiro awo a ukwati, ndipo tinawaombera m'manja. Chimene ndasunga pa kuwerenga kwa Yohane 2 ndi ntchito ya anyamata otumikira, amene anauzidwa kuti adzaze madzi m'mitsuko isanu ndi umodzi yamwala, yaikulu kwambiri, ndipo anaidzaza mpaka m'milomo asakudziwa chifukwa chake. Yohane akuti mkulu wa phwando sanadziwe kumene vinyo anachokera, koma otunga madziwo anadziwa. Mvula yagwa masana onse ndipo tafika ku Tiberiya titanyowa.

Lachitatu, Kapernao ndi m'mbali mwa nyanja

Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono kuposa mmene imamvekera m'maulaliki: makilomita pafupifupi 21 m'litali ndi 13 m'lifupi, ndipo ili m'chigwa chotsika mamita oposa 200 kuyerekeza ndi nyanja zamchere. Ku Kapernao kuli mabwinja a sunagoge wa miyala yoyera amene anamangidwa zaka mazana angapo Yesu atapita, pamwamba pa maziko a miyala yakuda, ndipo chapafupi pomwepo pali zotsala za tinyumba tothithikana, kuphatikizapo imene kuyambira kalekale Akhristu amati inali ya Petro. Pamwamba pake anamangapo tchalitchi cha makono chokhala ndi galasi pansi, moti munthu amasuzumira m'nyumbamo ali chiimire.

Kuchokera pakhomo la sunagoge kufika panyumbayo ndi mtunda woti munthu sangatope nawo ngakhale atanyamula mwana, ndipo kuyandikana kumeneku kwandithandiza kumvetsa Marko 1. Marko akufotokoza tsiku limodzi lathunthu: m'mawa Yesu akuphunzitsa m'sunagoge, atatuluka akulowa m'nyumba ya Simoni ndi Andreya kumene apongozi a Simoni ali gone ndi malungo, akuwagwira dzanja ndi kuwadzutsa, dzuwa litalowa mudzi wonse wasonkhana pakhomo ndi odwala awo, ndipo m'mamawa kukadali mdima akudzuka yekha kupita kopanda anthu kukapemphera. Pa tsikuli kupembedza, matenda a m'banja, zosowa za anansi ndi pemphero la payekha n'zolumikizana, ndipo palibe mpanda pakati pa za m'kachisi ndi za kunyumba. Ife tinazolowera kumanga mpandawo, mpaka munthu amatha kukhala wofatsa pa benchi la m'tchalitchi koma wankhanza pakhomo pake, osaona kuti pali cholakwika.

Ku Ginosar tinaona bwato lakale limene abale awiri, asodzi, analipeza m'matope mu 1986 madzi a m'nyanjayi ataphwa chifukwa cha chilala. Ndi lalitali mamita opitirira pang'ono 8, ndipo akatswiri amati ndi la m'nthawi ya Yesu kapena chapafupi pomwepo. Palibe amene amanena kuti Yesu anakweramo. Chosangalatsa n'chakuti linapangidwa ndi matabwa a mitengo ya mitundu yambiri ndipo linakonzedwa kangapo, kusonyeza kuti eni ake anali anthu osauka amene ankaphatika chigamba pa chigamba kuti lipitirire kuyandama. Ndicho chifanizo chokhacho chimene ndingayerekeze nacho chikhulupiriro cha anthu ambiri amene ndawadziwa: chakhala chikudontha ndi kumatidwa, koma chikupitabe pamadzi m'mawa uliwonse. Ndipo Marko akuti Yakobo ndi Yohane anaitanidwa ali m'ngalawa akusoka maukonde awo.

Pa phiri limene amati Yesu anaphunzitsirapo za odala, abusa anawerenga Mateyu 5 mpaka pa mawu akuti ngati ukupereka mtulo wako paguwa ndipo wakumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo, ukayambe wayanjana naye. Potsika, mayi ena achikulire a m'gulu lathu anayandikira abusawo n'kunena kuti, “Abusa, mwawerengazi zandilasa. Ine ndi mlongo wanga tinasiya kulankhulana kalekale chifukwa cha katundu amene anasiya malemu bambo athu, koma chopereka cha Khirisimasi sindinaphonyepo chaka n'chimodzi chomwe.” Abusa anangoti, “Mayi, foni muli nayo m'chikwama. Musadikire kuti mukafike kaye kunyumba.” Mayiwo sanayankhe, ndipo m'basi anakhala chete njira yonse.

Lachinayi, Yordano ndi Yeriko

Tatsika m'chigwa cha Yordano mpaka ku Qasr al-Yahud, malo okumbukira ubatizo wa Yesu. Mtsinjewu ndi wopapatiza ndi wamatope, ndipo tsidya linalo, pamtunda wa mamita owerengeka chabe, ndi dziko la Jordan; mbali zonse ziwiri kuli asilikali. Kuwaona kunandikumbutsa kuti asilikali nawonso anabwera kwa Yohane Mbatizi kudzafunsa chochita. Mayankho ake mu Luka 3 ndi osavuta kumva: wa malaya awiri agawireko amene alibe, wa chakudya achite chimodzimodzi, okhometsa msonkho asalipiritse koposa zimene analamulidwa, asilikali asalande za anthu mwa kuwopseza kapena kunamizira ndipo akhutire ndi malipiro awo. Sanauze aliyense kuti asiye ntchito yake kapena kuti atsale kumtsinje. Anthu anabwera ku msonkhano waukulu wa chitsitsimutso, iye n'kuwabweza ku maofesi awo ndi malangizo okhudza ndalama. Ku Yeriko nakonso, kutembenuka mtima kwa Zakeyu kunaoneka m'thumba: theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera.

Msewu wochokera ku Yeriko kukwera ku Yerusalemu sufika makilomita 30, koma umakwera mamita pafupifupi 1,000 kudutsa m'chipululu cha miyala ndi zigwembe. Apa ndi pamene Yesu anaikapo fanizo la Msamariya wachifundo, ndipo apa ndi pamene maganizo amene ndakhala ndikuwalemba masiku apitawa agunda chopinga. Ndakhala ndikutamanda chizolowezi, kuthira mafuta m'nyale ndi kudzuka m'mamawa, koma wansembe ndi Mlevi amene analambalala munthu wovulazidwa uja sanali anthu okumbukira Mulungu pa zikondwerero zokha. Anali anthu a ntchito ya m'Kachisi, odziwa nthawi za nsembe ya m'mawa ndi ya madzulo. Choncho munthu angathe kukhala wopembedza tsiku lililonse n'kukhalabe wouma mtima, ndipo mwina chizolowezicho n'chimene chimamutsimikizira kuti alibe mlandu. Chimene chikusiyanitsa Msamariya ndi chakuti analola kuti ulendo wake usokonezedwe, ndiponso kuti chifundo chake sichinathere pa tsiku la ngozi. Luka akuti m'mawa mwake anatulutsa madinari awiri, amene anali malipiro a masiku awiri a munthu waganyu, napatsa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kuti adzalipira zoonjezera pobwerera. Mphatso zathu zambiri za nyengo ya Khirisimasi zilibe “m'mawa mwake” ameneyu. Timapereka thumba la zovala kwa ana amasiye mu Disembala, ndipo pofika Febuluwale sitidziwa ngati anawo akupita kusukulu.

Lachisanu, Yerusalemu

Masana tinatsatira ansembe a Chifransisko amene Lachisanu lililonse amatsogolera Njira ya Mtanda m'tinjira ta mzinda wakale. Njirayi imadutsa pakati pa msika, moti opemphera amapanikizana ndi ogulitsa, ana ochokera kusukulu ndi anyamata okankha ngolo. Wina m'gulu lathu anadandaula kuti phokosolo likumusokoneza, koma ine ndikuona kuti malo oyenera mapempherowa ndi omwewa, pakuti tsiku limene Yesu anasenza mtanda mzinda unali wodzaza ndi anthu okonzekera Pasaka. Mu Luka 9:23 iye anati wofuna kumutsata adzikane yekha ndi kusenza mtanda wake tsiku ndi tsiku.

Tchalitchi cha Manda Oyera, chimene chili pomwe amati Yesu anapachikidwa ndi kuikidwa m'manda, ndi malo ovuta kuwafotokoza mwachilungamo. Chimagawidwa pakati pa mipingo isanu ndi umodzi, ndipo yaikulu mwa iyo ndi ya Agiriki a Orthodox, Akatolika ndi mpingo wa ku Armenia. Malamulo a kagawidweko anakhazikitsidwa ndi mafumu a Ottoman a ku Turkey, amene ankalamulira Yerusalemu nthawi imeneyo, mu 1757 ndi kutsimikizidwanso mu 1852. Kiyi wa chitseko chachikulu amasungidwa ndi banja la Chisilamu la Joudeh, ndipo banja la Nuseibeh ndilo limatsegula ndi kutseka. Pansi pa zenera lina lapamwamba pa khomo pali makwerero amatabwa amene akhala pomwepo kuyambira zaka za m'ma 1700, chifukwa palibe mpingo umene ungasunthe kanthu pamalo a onse popanda chilolezo cha inzake. Mu 2002 amonke a ku Egypt ndi a ku Ethiopia anamenyana padenga chifukwa mmodzi anasuntha mpando wake kuulowetsa pamthunzi. Zimenezi zimachitika pamalo amene mapemphero sadukiza usana ndi usiku, pakati pa anthu amene amadziwa bwino lomwe kuti Yesu anati anthu adzazindikira ophunzira ake chifukwa cha kukondana kwawo.

Komabe kungakhale kunama kuimira pomwepo. Kanyumba kamene kanaphimba manda kanafooka kwambiri, moti mu 1947 boma la Britain, limene linkalamulira dzikoli nthawi imeneyo, linakamanga ndi zitsulo kuti kasagwe, ndipo zitsulozo zinakhalapo zaka 70. Mu 2016 mipingo itatu yaikulu ija inagwirizana zokakonza pamodzi, ndipo ntchitoyo inatha mu 2017. Kuyanjana kwawo sikunabwere ndi mwambo waukulu wokumbatirana, koma ndi misonkhano yokambirana za miyala, ndalama ndi nthawi yogwirira ntchito. Padenga paja tinapeza amonke a ku Ethiopia m'tinyumba tawo tating'onoting'ono, wina akuyanika zovala, wina akuwerenga Masalimo. Akhala momwemo mibadwo ndi mibadwo, m'umphawi, pamwamba pa tchalitchi chimene alibe malo awoawo m'kati mwake.

Loweruka, Yerusalemu

Kumadzulo kwa mzinda masitolo ndi otseka ndipo mabasi sakuyenda chifukwa cha Sabata, lomwe Ayuda amalisunga mlungu uliwonse, kotero tinakhala ku malo ogona kulongedza katundu. Pa mapemphero otsazikana ena anafuna kuti tichite malumbiro aakulu, wina kuti adzawerenga Baibulo lonse Pasaka asanafike, wina kuti adzasala kudya kawiri pa mlungu. Abusa sanatiletse, koma anati malonjezo ochitidwa mtima uli m'mwamba kawirikawiri sapirira mwezi umodzi, ndipo anatikumbutsa kuti buku la Machitidwe, litangofotokoza za Pentekoste ndi anthu 3,000 obatizidwa, likunena za kunyema mkate m'nyumba tsiku ndi tsiku ndi za Petro ndi Yohane akupita ku Kachisi pa ola la pemphero. Anapempha aliyense kuti alembe zinthu ziwiri zokha: nthawi ya tsiku imene adzipemphera ngakhale atatopa, ndi dzina la munthu mmodzi amene ali naye mangawa a ndalama, a mawu kapena a chisamaliro. Bambo wina anatsutsa kuti zimenezo n'zochepa kwambiri kwa munthu amene waponda ku Gologota, ndipo mkanganowo sunathe mpaka nthawi ya chakudya.

Mayi achikulire aja anatiuza kuti anamuimbira mlongo wawo usiku wathawu. Foni inaitana koma sanayankhe, ndipo uthenga umene anamulembera ukuonetsa kuti wawerengedwa. Ati adzaimbanso Lolemba, ndipo akakanabe adzapempha amalume awo kuti akawakhazike pansi onse awiri.